Ndinabisa Kope la Makhadi

Abambo anzanga, miyezi yambiri ndakhala pa benchi ili kumvetsera anzanga akusimba za mowa, ine n'kumangogwedeza mutu ngati ndabwera kudzaperekeza munthu. Lero ndiimirire nanenso. Ine ndine Zakeyu wa ku Nsambe, ambiri muno mumandidziwa kuti a Kochi. Kumwa ndinamwa, mpaka kugona m'ngalande dzuwa likuswa mtengo. Koma mowa unabwera pambuyo. Chinayamba ndi nsanje, nsanje yake yochitira munthu amene ndinamulera ndekha pa mpira.

Timu ya kwathu ija ndinaiyambitsa ine, musamve za ena. Pamene pali bwalo paja panali tchire, zitsa ndinazula ndi manja angawa, mitengo ya magolo ndinadula ndekha. Zaka zoposa khumi ndi zisanu ndinaima m'mbali mwa bwalo, wezulo ali m'khosi. Yohane anabwera kwa ine alibe ndi nsapato zomwe, mpira akumenya ndi chala chachikulu ngati akupirikitsa nkhuku. Ndinamuphunzitsa kuimitsa mpira, kudzutsa mutu asanapatsire mnzake, kugwira mtima oyimbira akamukondera mdani. Anakhala kaputeni wanga mpaka bondo linamukana. Atasiya kusewera anapita kukaphunzira za ukochi, n'kubwerako ndi pepala.

Amene amatithandiza pa timu ndi a Saidi, aja a golosale pamsika. Jezi, mipira, lole yopita nayo koyenda, zonse ndi iwowo. Tsiku lina anandiitanira kuseri kwa kauntala, n'kunditsegulira botolo la zoziziritsa kukhosi.

"A Kochi, takambirana ndi komiti. Tikufuna tikukwezeni, mukhale tekinikolo dayirekita."

"Chimenecho n'chiyani?"

"Ndiye mkulu woona za kaseweredwe konse. Muzifufuza osewera m'midzimu, muziphunzitsa achisodzera, muzilembetsa osewera ku ligi, muzisunga kope la makhadi, komanso muzilangiza kochi."

"Kochi wake uti?"

"Yohane."

Dzina lalitali, eti, lodzaza m'kamwa. Koma ine pa zonse zija ndinamvapo chinthu chimodzi basi: andilanda wezulo. Ndinaseka, ndinathokoza, botolo lija ndinalimaliza. Pofika kunyumba ndinakankha galu wosalakwa pakhomo.

Tsono timu inayamba kupambana. Ine ndinkawathamangitsa anyamata kukwera phiri mpaka kusanza, ndimati mpira ndi mapapo. Yohane anabwera ndi timabotolo todzaza mchenga, n'kutindandalika pabwalo, anyamata azizungulira, azipatsirana pansipansi. Ndinkaseka kumbali, ndimati awa ndi masanje. Masanjewo anayamba kumwetsa zigoli. Amayi ochemerera aja anali ndi nyimbo yawo imene ankaimba ya ine. Sanavutike n'kupeka ina, anangochotsamo Zakeyu n'kuikamo Yohane. Ine andikhazika pampando pansi pa mtengo, pambali pa a Saidi, jekete ili m'thupi, kope lili pamiyendo ngati mlembi wa pamaliro. Chigoli chikalowa ndinkawomba m'manja kuti anthu aone basi. Ndikuuzeni zoona, pamaso pa Mulungu: ndinafika popempherera kuti timu yanga yomwe igonje.

Chimene chinkandipweteka koposa n'chakuti mnyamatayo analibe mwano. Akanakhala wodzitukumula bwenzi zili bwino, ndikanapeza pomugwira. Koma ayi, masewero akatha amabwera, chipewa m'manja. "Aphunzitsi, mwaona bwanji kumbuyo kuja? Ndikonze pati?" Ine n'kumuyankha kuti, "Iwe si uli ndi pepala, funsa pepala lakolo." Iye n'kuseka, kuyesa nthabwala.

Za kope lija ndifotokoze, poti ena muno mpira mumangoumvera pa wailesi. Lamulo la ligi yathu limati wosewera akalandira makhadi achikasu atatu, masewero otsatirawo sasewera. Mukamuseweretsa, anzanu akakamang'ala, mapointi amakulandani patebulo ngakhale mutapambana ndi zigoli khumi. Oyimbira amalemba lipoti lawo kupita kwa mlembi wa ligi, koma kukumbutsa sakukumbutsani, timu iliyonse imadziwerengera yokha. Kwathu wowerenga ndinali ine. Loweruka lililonse Yohane ankabwera kunyumba, ndimutsegulire kope, aone amene ali womasuka, ndiye asankhe timu yake ya Lamulungu.

Tinali ndi womwetsa zigoli wathu, Limbani, mwendo wabwino koma pakamwa poipa. Makhadi awiri Yohane ankawadziwa. Khadi lachitatu Limbani analandira ku Matandani, tsiku limene Yohane sanapite chifukwa mwana wake anagonekedwa kuchipatala ndi malungo. Timu ndinaitsogolera ine tsiku limenelo. Limbani anatukwana oyimbira, khadi m'mwamba, ine n'kulemba m'kope. Ndinalemba bwinobwino, ndi tsiku lake lomwe. Kuuza Yohane sindinamuuze.

Masewero otsatirawo anali omaliza, ndi timu ya ku Magaleta, pabwalo pathu. Wopambana atenga chikho cha m'boma, n'kukwera kukasewera ndi matimu a m'chigawo. Zaka zanga zonse zija sindinafikepo pamenepo. Mwana wadzulodzuloyu afikepo chaka chake choyamba? Sabata yonse nkhani imeneyi inkandidya ngati nankafumbwe m'chimanga.

Loweruka masana ndinamva njinga yake ikubwera. Ndinatenga kope, n'kulowa kuchipinda, n'kuuza mayi a kunyumba, Nachisale, kuti, "Umuuze kuti ndapita ku maliro ku Matandani, ndibwera Lolemba."

"Maliro a ndani?"

"Iwe ungonena zimene ndakuuzazo."

Ndinakhala pamphepete pa bedi, foni nditazimitsa, ndikumva zonse kudzera pazenera. Yohane anapepesa za malirowo, anafunsa ngati ndasiya kope, Nachisale anati sakudziwa pamene ndimaika. Anaima kanthawi, kenaka ndinamva njinga ikubwerera. Ndinamva pambuyo pake kuti anafunsa Limbani mwiniwake, iye n'kuti awiri. Nanga ndani angadzichotse yekha pa masewero otero?

Munthu wamkulu ine, wa zidzukulu, ndinabindikira m'nyumba mwanga masiku awiri ngati namwali. Kwathu ndi pafupi ndi bwalo. Lamulungu masana ndinamva mfuu kawiri, ndipo kawiri konseko dzina linali la Limbani. Kenaka nyimbo ija ya Yohane inadutsa pamsewu, anthu atamunyamula m'mwamba. Nachisale analowa, anandiyang'ana, n'kutuluka.

Chimwemwe chinatha masiku atatu. A ku Magaleta, anthu owerenga bwino, anakamang'ala, ndipo sanalakwe. Mapointi anapita, chikho chinapita. Komiti inakumana kuseri kwa golosale, ine n'kufika ndi nkhope ya wofedwa. Ndinatsegula kope pamaso pa onse. "Nawa, atatu, ndinalemba. Ine ndinali ku maliro. Kochi akakayika amamusiya panja wosewerayo, lamulo limenelo ndinamuphunzitsa ndekha." Yohane anangoti zyolii, osadziteteza ndi liwu limodzi lomwe. Anamuchotsa tsiku lomwelo. Masapota anakaimba nyimbo zachipongwe pakhomo pake, akuti wagulitsa gemu kwa a ku Magaleta. Mkazi wake ankatunga madzi pamjigo anzake atamufulatira. Wezulo anabwerera m'khosi mwanga.

Mukuganiza kuti ndinakondwa? Sabata imodzi mwina. Chaka chotsatiracho tinayamba kugonja, kugonja kwake kochititsa manyazi. Limbani anapita ku timu ina. Otsalawo ndikati kwerani phiri ankayang'anizana. Amayi aja sanabwezeremo dzina langa m'nyimbo, anangosiya kuimba. Ndipo paliponse, pamsika, kutchalitchi, pachigayo, nkhani inali imodzi: "Nthawi ya Yohane timasewera mpira." Munthu ndamuchotsa, koma nsanje yokha osachoka, inachita kunenepa.

Ndiye kachasu. Poyamba kabotolo kamodzi tikagonja, kenaka tisanasewere kuti mtima ukhale m'malo, kenaka m'mawa uliwonse mpira ulipo kaya palibe. Munda wa mbatatesi unamera udzu. Nachisale ankandiikira chakudya osandiyang'ana. Ku tchalitchi ndinasiya. Pomaliza pake, Lamulungu lina tili pabwalo pathu, atatichinya zitatu chigawo choyamba, ine ndili dzandidzandi, ndinatembenukira ku benchi n'kukuwa kuti, "Yohane, vula jekete, lowa pakati apo." Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndi a timu inayo omwe. A Saidi anabwera mwakachetechete, anandivula wezulo m'khosi, n'kunena kuti, "Pitani mukapume, a Kochi." Sindinapite kokapuma, ndinabwerera komwe kunali botolo, ndipo pochoka kumeneko ndinathera m'ngalande ya m'mbali mwa msewu, nsapato imodzi itasowa, anthu ochokera ku mpira akundilambalala.

Apa ndiye ndifotokoze pang'onopang'ono.

Yohane atachotsedwa anayamba kabaza wa njinga yamoto. Ndiye amene anaima. Ine sindikumbuka bwino, ndinauzidwa: anandikweza kumbuyo, anapempha chitenje kwa mayi wina wodutsa, n'kundimangirira kumsana kwake monga amachitira ndi odwala opita nawo kuchipatala. Anandifikitsa kunyumba, anathandiza Nachisale kundigoneka, n'kumapita.

M'mawa mwake ndili pakhonde, mutu ukung'amba, ndinangoona njinga yaima. Anatsika, anavula chipewa, anakhala pa kampando kafupi kaja, ine pampando waukulu. Nachisale anabweretsa tiyi. Ndipo ndikuuzeni mmene mtima wa munthu ulili woipa: nditamuona atakhala pamenepo, woyera m'maso, wosasunga mangawa, ndinamuchitiranso nsanje. Ndinati mumtima, ngakhale ubwino womwe andipose?

"Aphunzitsi, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka."

Anazunguza kapu m'manja kanthawi. Kenaka anati, "Ndakhala ndikufuna kubwera, koma manyazi. Ine ndikudziwa chimene chikukumwetsani mowa. Timu ija munaimanga zaka zonsezi, munandipatsa m'manja, ine n'kuigwetsa tsiku limodzi. Munandiphunzitsa kuti ukakayika msiye panja. Ndinakayika, koma ndinafuna chikho. Mundikhululukire, Aphunzitsi. Musadziphe ndi mowa chifukwa cha kulakwa kwanga."

Abale anga, munthu anandinyamula kumsana dzulo lake, lero akupepesa kwa ine. Ndipo pakamwa panga panali patayamba kale kukonza yankho, lija lakuti, zinatha izo mwana wanga, tonse timalakwa. Ndikanalinena. Ndikanamukhululukira bwinobwino tchimo langa lomwe, iye n'kupita akuthokoza.

Nachisale anali ataima pakhomo, mbale ili m'manja. Chaka chathunthu sananenepo kanthu za nkhaniyi. Anati, "Bambo a Tadala, munena inu kapena ndinene ine? Bodza lija munandisenzetsa ine, ndatopa nalo."

Kunja kunali zii, nkhuku zokha zikupalasa. Ndinayang'ana phazi langa lija linataya nsapato, litatupa. Mawu anatuluka okha, aang'ono, ngati si anga.

"Kunalibe maliro, Yohane."

Anandiyang'ana osamvetsa.

"Tsiku lija unabwera, ndinali m'chipindamo. Kope linali m'manja mwanga. Khadi lachitatu ndinkalidziwa, ndinalemba ndekha ku Matandani. Ndinafuna ugwe."

"Chifukwa chiyani?"

"Nsanje. Ankaimba dzina lako."

Sanakalipe. Ndikanakonda akanandimenya kumene. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono, tiyi osamwa, n'kutembenukira kwa Nachisale. "Amayi, analidi m'nyumbamu?"

"Analimo, mwanawe. Ine ndi amene ndinakunamiza pakhomo pano."

Anaimirira, anavala chipewa. "Mkazi wanga anasiya kupita ku mjigo masana, amatunga mbandakucha kuthawa anthu. Mwana wanga kusukulu amamutcha mwana wa wogulitsa gemu." Ananena zokhazo, analiza njinga, n'kumapita.

Tsiku limenelo ludzu la kachasu linandigwira kuposa masiku onse. Nachisale anati, "Mukatuluka kupita kumeneko, pobwera mundipeza kwathu. Ngati mukufuna kutuluka, pitani kwa a Saidi." Ndinavala nsapato zakutchalitchi n'kupita ku golosale. Ndinadikira ogula athe, ndinanena zonse. A Saidi anasisita ndevu. Kenaka anati, "Mwanena kwa ine, chabwino. Koma dzina la Yohane silinaipe m'golosale muno, linaipa pabwalo. Mukakonze komweko."

Ndinatero. Choyamba ku komiti, kenaka Lamulungu lotsatira, masewero asanayambe, ndinaima pakati pa bwalo limene ndinalambula ndekha, kope m'manja, n'kuuza mudzi wonse kuti Yohane sanagulitse gemu, ndinamutchera ndine. Ena anatukwana, wina anaponya chitsononkho chinandipeza pakhutu. Mayi wina wa gulu loimba lija anandifunsa pamaso pa anthu kuti, "Nanga ife tinakaimba zachipongwe pakhomo pa mwana wosalakwa, tchimo limenelo alisenza ndani?" Kuchokera pamenepo ndinapita kwa mkazi wa Yohane kukapepesa, iye anandimvetsera ataima, mpando sanandipatse.

Za mowa, musanamizidwe kuti ukaulula ludzu limatha. Silitha. Ndinasintha njira, popita kumsika ndimazungulira kumunsi kuti ndisadutse pakhomo pophikidwa kachasu paja, ngakhale ndi kutali kawiri. Nthawi imene ludzu limandivuta kwambiri ndi masana, ndiye masana ndimakhala kumunda ndi Nachisale, khasu m'manja. Ndinagwako kamodzi, miyezi iwiri itapita, ndipo m'mawa mwake ndinabwera kudzakhala pa benchi ili. Mwandiona kuyambira pamenepo.

Komiti inafuna kundichotseratu, ndipo ikanachita bwino. A Saidi ndi amene anati, "Ntchito tinamupatsa ija sanaigwirepo n'kamodzi komwe, ayambe waigwira, tione." Zoona zake ndi zimenezo. Chaka chonse chija ndinali tekinikolo dayirekita dzina lokha, maso anga anali pa wezulo wa mnzanga. Tsopano ndimapalasa njinga kupita m'masukulu a ku Magaleta ndi ku Matandani kukaonera ana akusewera, ndikaona mwendo wabwino ndimakalankhula ndi makolo. Lachitatu ndi Lachisanu ndimaphunzitsa achisodzera, ndipo timabotolo ta mchenga tija ndimatigwiritsa ntchito, musaseke, timathandiza. Osewera ndimawalembetsa ku ligi nthawi yake isanathe. Za makhadi achikasu ndimalemba m'kope, n'kulembanso pa chipepala chachikulu chimene chimamatidwa m'golosale mwa a Saidi, aliyense wogula sopo aziwerenga. Chinthu chimene ukudziwa wekha, mtima ukaipa, chimasanduka mpeni.

Nsanje inatha? Ndikanama. Ikadalipo, imadzuka ngati dzino lobooka ukamwa madzi ozizira. Chimene ndaphunzira n'kuitchula msanga. Ikandigwira ndimauza Nachisale kuti, "Yayambanso." Iye amati, "Ndiye pitani mukamuyamikire." Ndimapita, mano ali gwa, kukauza Yohane, poti anabwerera pa ukochi, kuti wasintha bwino osewera. Inu amene kuntchito akubweretserani mwana wa dzulo kuti akhale pamwamba panu, inu amene kumpingo asankha wina m'malo mwanu, musadikire kuti ifike pobisala kuchipinda. Muitchule ikadali yaing'ono, kwa munthu amene sakuopani.

Yohane anakana kubwerera chaka chathunthu. A Saidi anapita kwawo katatu, osewera anapita, amayi oimba aja anapita ndi nkhuku. Pomaliza anavomera, ndipo lero timu ikuseweranso mpira, ngakhale chikho chija sitinachionenso. Dzina lake linayera, mkazi wake amatunga madzi masana ngati wina aliyense. Ine anandiuza kuti anandikhululukira, ndipo ndikukhulupirira, munthu uja sanama.

Koma mverani mmene Loweruka limakhalira tsopano. Amabwera kunyumba monga kale. Pakhonde sakhala, amaima pambali pa njinga yake. Ndimatulutsa kope langa, ndimawerenga dzina ndi dzina, iye akutsatira m'kope lake, poti masiku ano ali ndi lake. Tikamaliza amatulutsa foni, n'kuimbira mlembi wa ligi, ine ndili pompo, kufunsa ngati zimene ndanenazo zili zoona. Ndimaima n'kudikira mpaka amalize. Miyezi yonseyi sanapezepo cholakwika n'chimodzi chomwe. Dzulo anaimbanso, ndipo Loweruka likubwerali adzaimbanso.